Zimbale za Ayuda ndi Khadi la Apongozi

Zimbale zija ndidagula pa Ngabu tsiku lomwe ndidakagulitsa thonje. Zidali zinayi m'kapepala kamodzi ka pulasitiki, pachikuto pali anthu atanyamula masutikesi pafupi ndi sitima. Wogulitsa adati ndi filimu yakalekale, azungu ankaionera pa TV gawo ndi gawo ife tili makanda, tsopano aitulutsa pa chimbale ndipo dijeyi waiika kale m'Chichewa. Adati ndi nkhani ya Ayuda. Ine Ayuda ndinkadziwa a m'Baibulo okha, sukulu ndidalekera sitandade faifi, ndiye ndidati iyi ndi ya Mulungu, tikaonera ndi apongozi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Apongozi anga aamuna adabadwira kutsidya, ku Mozambique. Adawoloka nthawi ya nkhondo, adakhala mu kampu, ndipo anzawo pobwerera iwo adatsala nkukwatira konkuno. Polembetsa chiphaso adati adabadwira ku Nsanje. M'mudzi mwathu otere ndi ambiri, palibe amene amaiyesa nkhani. Koma iwo amaopa. Amakhulupirira kuti tsiku lina kudzabwera galimoto kudzatenga onse amene adanama pobadwira. Ine adandiuza okha tikumanga khola la mbuzi, atayang'ana uku ndi uku, ndipo adati ndisauze ngakhale mbale wanga.

Chinanso choti mudziwe, sabata imodzi ndisadagule zimbalezo ndidatuma mkazi wanga kukandipemphera kachigawo ka dimba lawo kudambo. Apongozi adakana. Ine sindidakwiye, kapena ndinene kuti ndidakwiya pang'ono, koma zidathera pomwepo.

Lamulungu masana tidatulutsa TV pakhonde, batire la sola litadzaza. Madijeyi athuwa mukuwadziwa, samangomasulira, amathira zawo. Mzungu akakwera galimoto amati akupita ku Nchalo, akamadya amati akudya mlamba. Uyunso adali choncho. Asilikali a Jeremani akukankhira anthu m'mabogi a sitima, iye ali, Bangula, Bangula, wotsala atsale, ngati kondakitala wa minibasi. Tidaseka. Ndikuvomera, ndidaseka nawo, sindinkadziwa kumene sitimayo inkapita.

Kenako padafika poti mkulu wina wa imvi waima pa tebulo mu ofesi, msilikali akutembenuza mapepala ake. Dijeyi adasintha mawu, nkulankhula mokalipa:

"Madala, musatinamize. Inu ndi a kutsidya inu. Chiphasochi mudachipeza bwanji?"

Apongozi adaika kapu ya thobwa pansi, asadamalize. Adavala chipewa nkunyamuka osatsazika. Apongozi aakazi adawatsatira pambuyo, nsalu ili m'manja.

M'mawa mwake mkazi wanga adapita kukawaona, adabwerako maso ali ofiira. Adati bambo akufunsa kuti munthu wa mu TV uja mwamuuza chiyani. Iwo adali atawerengera kale zonse: ndapempha dimba, andikaniza, sabata yotsatira ndabwera ndi chimbale chofunsa nkhalamba za chiphaso, nkuwakhazika mpando wa kutsogolo. Kwa iwo lidali chenjezo. Ndipo ukaiyala nkhaniyo motero, inenso ndimaona kuti ikuyenda. Ndikadakhala iwo ndikadaganiza zomwezo.

Ndidapita ndekha, ndidakhala pansi chapatali monga mkamwini. Ndidafotokoza kuti dijeyi ameneyo sindidamuonepo, amakhala kutauni, amajambula mawu kamodzi zimbale nkumwazika dziko lonse, ndipo mawu omwewo akuwamva a ku Karonga amene sadziwa nkomwe kuti kuli Shire. Adandimvera mpaka kumapeto. Kenako adati m'Chisena, "Nkhabe, ayi. Nanga za kutsidya wazidziwa bwanji?"

Apa ndipo ndidalakwitsa, poyesa kukonza. Ndidawapempha kuti tikwere kabaza tipite pa Ngabu, wogulitsa uja akatiikire ya Chingerezi yopanda dijeyi, amve okha. Adavomera. Wogulitsayo adaipeza ndithu pa kompyuta yake, adatifikitsa pa tebulo pomwe paja. Msilikali adalankhula mawu awiri atatu basi. Wogulitsa adati akungonena kuti bweretsa mapepala, za kutsidya mulibemo.

Ine ndidapumira m'mwamba, ndimvekere zatha. Apongozi adanditembenukira nkunena kuti ndiye kuti mzunguyo sadanene, alipo amene adawonjezera, ndipo wowonjezerayo alipo amene adamuuza. Pamene tinkatuluka, wogulitsa uja adawatsazika m'Chisena, chikhalirecho ife tidalankhula naye Chimang'anja chokhachokha. Pa Ngabu aliyense amasakaniza, ndikudziwa. Koma bwanji iwo okha, ine ayi? Ndipo bwanji pa mulu wonse wa mafilimu a karate umene amagulitsa adandisankhira imeneyi? Njira yonse yobwerera ndinkamuganizira wogulitsa ameneyo. Mwina palibe kanthu. Mwina adangowaona nkhope. Kuyambira pamenepo sindigulanso kwa iye.

Patapita masiku awiri kudabwera uthenga kudzera kwa mkazi wanga, woti dimba lija ndikalime, mbali imene ndikufuna. Ndidakana. Ndikadalandira ndiye kuti ndavomera kuti ndidawaopseza ndipo andilipira. Mkazi wanga adati kukanakonso bambo akuti mwina kachigawoko kandichepera, ndikufuna lonse. Adalira, adati iye ali pakati ngati chingwe cha ng'ombe ziwiri. Mwezi wathunthu apongozi sadaponde pakhomo panga. Ku tchalitchi ankandipatsa moni wa mlendo.

Zimbale zitatu zotsala ndidaonera ndekha, masana, chitseko chotseka. Ndinkafuna kumva ngati dijeyi anenanso china chokhudza kwathu. Sadanene. Chimbale chachitatu nthabwala zidachepa, chachinayi adangotsala kumasulira ndi mawu otsika. Ndidaona kumene sitima ija inkapita. Anthu kuwavula, kuwameta, kuwatsekera m'nyumba ya utsi wakupha, ana omwe. Ndidafunsa aphunzitsi ena opuma ngati zidachitikadi, adati zidachitika ndipo filimu yachepetsa. Chimene chidandikhala pamtima nchakuti asilikali aja sankadziwa okha nyumba za Ayuda. Ankawalozera ndi anthu oyandikana nawo, ogula nawo pamsika umodzi, ena chifukwa chofuna nyumba kapena shopu. Apongozi sadaone zimenezi, adachoka pa chimbale choyamba. Koma nkhondo adaiona ndi maso kwawo, ndiye mwina sankafunika kuonetsedwa.

Ndidatumiza mawu amenewo kwa apongozi, kuti ndaona mpaka kumapeto, ndamvetsa chimene akuopa, ndipo dimba sindilifuna ngakhale chaka chamawa.

Loweruka lina m'mawa ndikunola khasu ndidangoona apongozi atulukira kuseri kwa nkhokwe. Adakana mpando. Adatulutsa m'thumba la jekete kanthu kokulunga m'pepala la shuga, nkukatambasula. Lidali khadi lawo la ku kampu, lolandirira chakudya, lofiirira ndi ukalamba, pali dzina la mudzi wawo weniweni wa kutsidya. Ngakhale mkazi wanga sankadziwa kuti lidakalipo.

"Sungani ndinu," adatero. "Akadzabwera a galimoto aja, mudzadziwa nokha chochita."

Ndidati bambo, bwanji osangolitentha. Adati munthu satentha kwawo. Adalisiya pa mpini wa khasu nkubwerera.

Mpaka lero sindidziwa ngati kudali kundikhulupirira kapena kunditchera. Tsiku lina ndimaganiza kuti adandipatsa moyo wawo m'manja. Tsiku lina ndimaganiza kuti akufuna, chikadzachitika chinthu, pasadzakhale wina womuloza chala koma ine. Khadilo ndalisuntha malo katatu, poopa chiswe ndi madzi osefukira, ndipo pano lili m'chitini chomwe mkazi wanga sadziwa. Apongozi adayambanso kubwera kwathu, amadya, amaseweretsa adzukulu. TV ikayaka amakhala chofulatira. Potsazika ndimawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo tikatsala awiri amafunsa osandiyang'ana ngati lilipo. Ndimati lilipo, bambo.