Kompyuta Imene Inakana Kudzuka

Azakhali anafika pa kashopu kanga ku Furancungo dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'mawondo. Anali atachokera ku Chidzolomondo, kompyuta ataibereka mu nsalu ya kapulana ngati khanda. Inali ya mwana wawo, msuweni wanga, purufesori, kapena kuti mphunzitsi, amene tinamuika m'manda chaka chapitacho. Munali nyimbo za kwaya imene ankayimbitsa kutchalitchi, ndipo azakhali ankaitchaja pa sola ya mwana wawoyo n'kumamvera mawu ake.

"Yakana kudzuka," anatero tisanalonjerane n'komwe.

Nditayatsa, pagalasi panangotuluka zilembo ziwiri, LI, basi. Kompyuta isanatsegule chilichonse pamakhala kapulogalamu kakang'ono kamene kamaidzutsa n'kuilozera pomwe pali sistema yoyendetsa makina onse. Msuweni wanga anaikamo kakale, kotchedwa LILO, kamene ine ndinangokaonako ndili pa maphunziro ku Tete. Manja anga anazolowera katsopano, GRUB.

Ndinaidzutsa ndi CD yanga kuti ndiyambe ndakopera nyimbozo pa peni, kachipangizo kakang'ono kosungiramo mafayilo. Disiki ya m'kompyutamo inayamba kulira, tche, tche, ngati chiswe m'denga. Nyimbo zina zinadutsa, kenaka kukopera kunaima. Ndinadziwa kuti disiki imeneyi yatopa, siyoti munthu aziisewera nayo.

"Zakhali, njira zilipo ziwiri," ndinatero. "Ndikonze kakale komweka, kapena ndiike katsopano. Kakale ndi kamene munakazolowera, koma sikachedwa kusokonezeka, ndipo kwanu ndi kutali. Katsopano n'kolimba."

"Nanga bokosi lofiira lija libwera?"

"Ndikaika katsopano, ayi."

Kenaka anandifotokozera kuti iwo sukulu sanaponde, ubwana wawo unathera kothawa nkhondo ku Malawi. Mwana wawo atayamba kudwala anawagwira chala n'kuwaphunzitsa: mukaona bokosi lofiira pagalasi, dinani kamuvi kotsika kamodzi, kenaka batani lalikulu. Zimene ankadziwa pa makinawo zinali zomwezo.

"Usachotse za mwana wanga, mwanawe. Konza zomwezo."

Ndinamvera. Ndinatsegula fayilo ya malangizo a LILO imene msuweni wanga analemba yekha, ndikuwerenga mzere uliwonse thukuta lili kamukamu. Panja anyamata a chapa, minibasi yakwathu kuno, anali atayamba kuitanira anthu obwerera kumidzi, ndipo ikachoka imeneyo kunalibenso ina. Ndinalembanso kapulogalamuko koyambirira kwa disiki, n'kuzimitsa, n'kuyatsa.

LI.

Azakhali sankatha kuwerenga, koma zilembo ziwirizo anazizindikira. Anaimirira, nayamba kuyala kapulana pa tebulo.

"Bweretsa. Ndikaisunga choncho."

"Mukaisunga choncho sidzayimbanso."

"Nanga ukaipheratu?"

Sindinawaname. Ndinawauza kuti zikhoza kutero, chifukwa malo olembapowo ndi omwewo, ndipo disiki ikhoza kufa ndili mkati molemba. Nyimbo zimene ndinapulumutsa zinali zochepa, ndipo ya maliro imene ankaikonda sinali m'gulumo. Anayang'ana kunja, anayang'ana makina, kenaka anakhalanso pa benchi, manja atapinda pachifuwa.

"Mwini wake akanatani?"

"Sindidziwa, zakhali. Koma akanafuna kuti muzimumva."

Anagwedeza mutu pang'ono, ndipo ndinatenga kumeneko ngati chilolezo. Ndinayamba kuika katsopano. Kulira kwa disiki kuja kunabwereranso, ndipo galasi linaima osasintha. Mayi wina analowa ndi foni yosweka, ine ndinangomukodola kuti abwere mawa. Patapita nthawi, makina analemba kuti amaliza popanda vuto.

Nditayatsanso panatuluka galasi lakuda la zilembo zoyera. Azakhali anabweza chala chimene anali atatambasula kale. Asanafunse kanthu, kompyuta inapitirira yokha, ndipo chithunzi cha kwaya chinadzaza galasi, msuweni wanga ali kutsogolo dzanja lili m'mwamba. Ndinatsegula nyimbo ya maliro ija. Inayimba yonse mpaka kumapeto.

Azakhali sanalire. Nyimbo itatha anandiyang'ana mokwiya.

"Yadzuka yokha. Sinandidikire."

"Ndaitchera kuti musamavutike."

"Ndani wakuuza kuti ndimavutika? Ine ndimamuitana ndekha."

Ndinachotsa kowerengera nthawi kamene kankaidzutsa yokha, kuti izidikira mpaka munthu adine. Ndinawasonyeza batani lalikulu, kamuvi ayi. Anayesa okha kangapo, akulakwitsa, akundiletsa kuwathandiza, mpaka anakhoza.

Chapa inali itapita. Azakhali anagona kwathu, ndipo mkazi wanga anawasokerera peni ija m'mphepete mwa kapulana kuti isatayike panjira. Disikiyo inagwirabe ntchito mpaka nyengo ya fodya yotsatira, pamene ndinapeza ina n'kupita nayo ku Chidzolomondo pa njinga yamoto.