Chingwe Chimene Amalume Anagwira pa Woolwich

Amalume anga, achimwene awo a amayi, ndi amene anandilakwira. Anandithawitsira nsomba yaikulu kuposa zonse zimene ndinakolapo mu mtsinje wa Thames, kenaka tsiku lomwelo anakauza bambo anga kuti ndinaithawitsa ndine chifukwa cha mtima wapachala. Nsombayo mwina ndikanaiiwala. Bodzalo ndi limene limandiwawa mpaka lero.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, tikukhala m'fulati ya khansolo ku Woolwich, kuno kudziko la azungu. Bambo anathawa kumudzi pa nkhani za ndale ine ndili wamng'ono. Kwathu anali aphunzitsi, koma kuno ankakankha mabedi a odwala m'chipatala ku Lewisham. Ine sukulu ndinaisiyira panjira nditaswa mphuno ya mnyamata wina amene ankandinyoza khungu, ndipo ndinayamba kunyamula mabokosi a zipatso pamsika. Bambo sanandikalipire. Ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Iwe ndiwe moto wa mapesi. Palibe chimene ungachigwire mpaka kumapeto."

Sankadziwa kuti chinalipo. Ndikaweruka pamsika ndinkapita kukhoma la mtsinje, kumunsi kwa pokwerera feri yowolotsa anthu, kumene madala ena achizungu opuma ntchito yapadoko ankawedza. Ndinayamba n'kuonerera, kenaka ndinagula ndodo yakale ndi kawilo kake kokulungira chingwe. Nsomba imene tinkafuna amaitcha fulaunda. Ndi yaphwatalala ngati mbale, kumsana yamtundu wa matope, kumimba yoyera, maso onse awiri ali mbali imodzi. Amayi atangoiona koyamba anati, "Chimenecho m'poto mwanga ayi. Nsomba yotuluka m'madzi a zimbudzi, yoyang'ana ngati mfiti!" Ndiye zing'onozing'ono ndinkangozibwezera m'madzi.

Fulaunda sifuna mphamvu. Kakamwa kake n'kakang'ono, kofewa. Mbedza imafunika yaing'ono, ya tsinde lalitali, ya waya wopyapyala. Chingwe chakumapeto chimakhala chowonda ngati tsitsi la mchira wa ng'ombe, ndipo pamwamba pa mbedza umatungirapo mikanda yofiira ndi kachitsulo konyezimira, chifukwa nsombayo ndi yachidwi, imabwera kudzaona chimene chikuphethira m'matopemo. Nyambo ndi nyongolotsi za m'matope a kunyanja, zija zoluma chala. Mtovu womiza chingwe uzikhala wopepuka kuti madzi akamadzaza kuchokera kunyanja uzigubuduka pang'onopang'ono pansi.

Ikayamba kudya, nsonga ya ndodo imangonjenjemera. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, amakoka. Osakoka. Uileke imeze, uipatse ndithu chingwe. Ikayamba kuyenda nayo nyambo, ndiye udzutse ndodo mwaulemu, ngati ukudzutsa wodwala. Yaikulu sithamanga, imadzimata pansi, umangomva ngati wakola thumba lonyowa. Uzikulunga mosadukiza koma mosafulumira. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: mutu wake usatuluke m'madzi. Ikangomva mphepo imadzipiringiza, kulemera konse kumapita pa kakamwa kaja, basi yapita.

Khoma la pa Woolwich ndi lalitali, nsomba yaikulu sungainyamule ndi ndodo mpaka pamwamba. Timatsitsa ukonde wozungulira pa chingwe chochindikala, n'kuumiza m'madzi, wa ndodoyo n'kuibweretsa nsomba pamwamba pake, wa ukonde n'kukoka. Wanga ndinaupanga ndekha ndi limu ya njinga imene ndinaitola kuseri kwa mafulati. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Pamenepo ndi pamene panalowera amalume.

Chaka chimenecho bambo anagwidwa sitiroko. Anasiya ntchito, ankangokhala pampando wa pawindo, kamwa itapotokera kumanzere, mawu akutuluka limodzilimodzi. Ine ndinali ndi chinthu chimodzi mumtima: ndikole fulaunda yaikulu, ndiiike pa thireyi ya amayi, ndiwaikire bambo pamiyendo, ndiwafotokozere mmene amaikolera. Ndinkafuna aone kuti mwana wawo angathe kuima nji kwa maola osapsa mtima, kuti pali chinthu chimene ndimachigwira mpaka kumapeto. Kudya kapena kusadya sinali nkhani.

Amalume anali atangofika kumene kuchokera ku Lusaka, akugona pa sofa yathu. Anakulira m'mbali mwa Shire, ndipo tsiku lililonse ankatisimbira za milamba imene ankakoka ndi manja, chingwe atachikulunga pachikhatho. Loweruka lina m'mawa, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, amayi anati, "Atengeko amalume ako akapitidweko mphepo, atopa ndi wailesi yakanema."

Titafika pakhoma ndinawaonetsa ukonde. "Amalume, ndikanena kuti tsitsani, mutsitse uwu mpaka umire. Chingwe changa chokha musachikhudze."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, ukundiphunzitsa ine kuwedza? Ine ndinayamba kukoka milamba amayi ako akuyenda opanda kabudula."

"Iyi si mlamba, amalume."

"Nsomba ndi nsomba. Ya kuno imalankhula Chingerezi?"

Ananyamula mbedza yanga, naiyang'ana ndi diso limodzi. "Aka n'kokolera chiyani, matemba? Ndi mikanda yomwe, ngati ukukafunsira mbeta!"

Ndinaluma mano, ndinaponya.

Madzi anali akudzaza, mphepo ikulowa m'makutu. Tinakhala nthawi yaitali, amalume akudandaula za kuzizira ndi za tiyi wa m'fulasiki amene ankati ndi madzi otsukira makapu. Kenaka nsonga ya ndodo inanjenjemera. Inasiya. Inanjenjemeranso.

"Koka! Koka iwe!"

Sindinakoke. Ndinamasula chingwe pang'ono, ndinadikira.  Chitayamba kuyenda chingwecho ndinadzutsa ndodo, ndipo inapindika mmene inali isanapindikirepo. Pansi panali chinthu cholemera chimene sichinkafuna kusiyana ndi matope. Ndinakulunga pang'onopang'ono. Chikakoka ndinkachipatsa, chikatopa ndinkatenga. Mdala wina wachizungu amene ankawedza chapafupi anasiya ndodo yake n'kubwera kudzasuzumira.

Ndiye inaonekera, chapansi pang'ono pa madzi, ikuweyula m'mbali mwake ngati nsalu. Kukula kwake ngati thireyi ija ndithu, yonenepa kumsana. Ndinaigwira pomwepo, mutu uli m'madzi, ili phee.

"Amalume, tsitsani ukonde. Pang'onopang'ono."

Ndinamva limu ya njinga ikugwa pa simenti kumbuyo kwanga. Ndisanatembenuke, amalume anali atagona pamimba pakhoma, dzanja atatambasula. Anagwira chingwe changa, anachikulunga kawiri pachikhatho monga amachitira ku Shire.

"Amalume, ayi! Siyani chingwe!"

"Hiyaa!"

Nsomba inatuluka m'madzi yonse, mimba yoyera ija kung'anima. Inadzipinda kamodzi m'malere. Chingwe chinangoti thapu. Inagwa chagada, inakhala kanthawi pamwamba pa madzi ngati ikudabwa, kenaka inatembenuka n'kumira. Mdala wachizungu uja anapukusa mutu n'kubwerera ku ndodo yake.

Ndinamenya chitini cha nyambo ndi phazi mpaka chinakagwera mumtsinje. Koma amalume sindinawakalipire. Iwo ankapukuta chikhatho pa thalauza. "Ulusi wosokera zigamba uwu," anatero. "Ukanamanga chingwe cha amuna."

Kunyumba tinapeza bambo pawindo, amayi akusita. Ndisanavule n'jekete lomwe, amalume anayamba.

"Alamu, mwana wanuyu! Nsomba inabwera yokha, yaikulu chonchi. Ine ndikuti, mphwanga, ugwire mtima, ndikutsitsa ukonde. Iye wapsa kale, wakoka ndi ukali wonse, chingwe thapu! Kenaka n'kumamenya zitini ngati wamisala."

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti malume satsutsidwa pamaso pa akulu, makamaka malume amene ndi mlendo m'nyumba. Bambo anatembenuza mutu movutikira. Sanakwiye. Anamwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa, kumwetulira kwa munthu amene wamva zimene ankaziyembekeza kale.

"Ndi...momwe...alili," anatero.

Ndinatuluka, chitseko ndinachimenyetsa mpaka chithunzi cha pakhoma chinagwa. Ndikamaganiza lero, phokoso la chitseko chimenecho linawachitira umboni amalume kuposa mawu awo.

Ndinaganiza kuti yankho labwino ndi nsomba ina. Nyengo yonse yozizira ndinkapita kukhoma kuja, zala zitauma, ukonde nditaumangirira ku chitsulo kuti ndikakola ndipemphe aliyense wodutsa. Ndinakola zambiri, koma zonse zongokwana pachikhatho. Ndinkati sabata yamawa. Kuwafotokozera bambo ndi pakamwa pokha ndinkaona ngati n'kudziyeretsa kwa mwana wolakwa, ndinkafuna ndibwere ndi chinthu chogwirika. Masamba asanaphukenso bambo anagwidwa kachiwiri, sanadzukenso. Kumudzi mtembo sukanaloledwa, tinawaika konkuno m'dothi lonyowa la eni ake.

Titachoka kumanda anthu anadzaza fulati yathu, a ku Peckham, a ku Lewisham, anzawo a bambo a ku Zambia omwe. Nyimbo zitatha, masana amenewo anthu anayamba kucheza kuti aziziritse mitima. Ndikugawa tiyi ndinamva amalume pakona, atazunguliridwa ndi azibambo, manja atatambasula kuonetsa kukula kwa nsomba.

"Malemuwa anaseka tsiku limenelo! Ndikuti mphwangayu, wapsa mtima, chingwe thapu!"

Azibambo aja anaseka, wina n'kundimenya paphewa. "Wamva, mfana? Uzileza mtima."

Zimene zinatsatira zinaliza amayi kuposa kumanda. Amalume anasamuka sabata yomweyo kupita kwa mnzawo ku Peckham, ndipo mpaka imfa yawo sitinakhalenso pamphasa imodzi. Anthu anati mwana uja waonetsa khalidwe lake pamaliro a bambo ake. Zimenezo sizindivuta kwenikweni. Chimene chimandidya n'chakuti munthu yekhayo amene ndinkafuna amve mawu amene ndinalankhula tsikulo tinali titamukwirira m'mawa womwewo.

Masana amenewo, azibambo aja akadaseka, ndinaika thireyi ya makapu patebulo bwinobwino, osagwetsa ngakhale dontho. Ndinaima patsogolo pa amalume. Masiku onse akulu akandilankhula ndinkayankha m'Chingerezi, koma apa ndinalankhula Chichewa, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

"Amalume, mukunama. Ukonde munautaya pansi ndinu. Chingwe munachigwira ndinu, nditakuletsani. Ine tsiku limenelo ndinaleza mtima kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wanga, ndipo inu munaona ndi maso anu. Bambo apita osadziwa zimenezo. Ndiye tandiuzani, amalume, ndikawauzira kuti?"