Duwa la a Kamzimbi

A Malita ankadziwika ndi chikande. Kuyambira kwathu kufupi ndi Kachebere mpaka kumalire a Zambia, ukangotchula chikande anthu ankafunsa kuti, "Cha a Malita?" Amuna awo adapita ku Joni osabwerako, kuwasiyira ana anayi ndi kadimba kochititsa manyazi. Chomwe chinkadyetsa anawo ndi dambo la kuseri kwa mudzi. Mvula ikatha ankakumbamo timbatata ta chikande, n'kusinja, n'kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka chilimbe ngati chiwindi. Madalaivala a malole ankachita kulimbirana.

Kakumbidwe kawo kadali kawokawo. Akazula chomera ankathyolako kambatata kamodzi, tsinde n'kulibwezera m'dothi kuti lidzaphukenso. Anzawo ankawaseka kuti amanyengerera udzu.

Dzinja lina kudabwera Aleck, mphunzitsi wa za zomera wochokera ku Zomba. A Malita atamulondolera m'dambomo, Aleck adaona duwa loyera la madontho ofiirira, n'kugwada m'matope ndi buluku lake lomwe. Adati mtundu umenewu wa chikande sudalembedwepo m'buku lililonse pa dziko lapansi, ndipo amene waupeza ndiye amautcha dzina. Ife tidadabwa, chinthu chomwe agogo athu ankadya kale n'kukhala chatsopano!

Dzinalo adalipereka kwa a Kamzimbi, mkulu wa chipani wochokera m'boma lathu lomweli. Ine sindimuda Aleck. Masiku amenewo ngakhale mjigo unkafuna dzina la munthu wamkulu, ndipo iye ankafuna chilolezo choti azigwira ntchito yake m'mbali mwa malire popanda kumuyesa kazitape.

A Kamzimbi adabwera ndi magalimoto, amayi adavina, a Malita ali kutsogolo. Gule atatha, anyamata a chipani adazika chikwangwani: duwa la olemekezeka silikumbidwa. A Malita adamukokera Aleck pambali.

"Achimwene, nanga ana anga azidya duwa?"

"Pirirani mayi," adatero Aleck. "Dzina limeneli ndi lomwe liteteze dambo lanu."

Adapiriradi. Adayamba maganyu opalira mtedza m'minda ya anzawo, omwe aja ankawaseka. Rozi, mwana wawo woyamba, adasiya sukulu ku Guilleme n'kukasoka fodya ku esiteti. Koma a Malita sadataye mtima. Akamadutsa m'mbali mwa dambo n'kuona maluwa ali mbuu, ankati chikande chikunenepa, tsiku lina akuluakulu adzaiwala.

Akuluakulu sadaiwale. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. A Kamzimbi adagwa. M'mawa wina wailesi idalengeza kuti ndi chigawenga, ndipo pofika masana aliyense adali asanawaonepo n'kale lonse. Chikwangwani chija chidazulidwa. Koma duwa lidatsala, likuphuka ndi dzina la chigawenga poyera, m'dambo la mudzi wathu.

Anyamata a chipani adamuitanitsa Aleck kuti asinthe dzinalo. Munthu womvetsa chisoni uja adafotokoza pamaso pa tonse kuti dzina la chomera likalowa m'mabuku a akatswiri a mayiko onse silifufutika, ngakhale mwini wake atamwalira. Adanena zoona, koma zoona sizinkamuthandiza munthu. Adamukweza m'galimoto ndipo sitidamuonenso.

"Ngati dzina silifufutika," adatero wamkulu wa anyamata aja, "lifufutike duwalo."

Nanga akadatuma ndani? Wodziwa pomwe tsinde lililonse lidabisala adali mmodzi yekha. A Malita adakumba dambo lonse anyamata atawaimirira ndi zikoti. Tsinde lililonse ankaliunjika pamtunda, timbatata tonse pamodzi, tonenepa kuposa tomwe adakumbapo moyo wawo wonse. Adapempha kuti atapeko dengu limodzi lokha akaphikire ana. Anyamatawo adawafunsa ngati akufuna kudyetsa ana chigawenga. Adathira palafini n'kuyatsa, ife tikuomba m'manja, chifukwa wosaomba ankaoneka. Mpaka lero ndikakumbukira fungo lake mtima umandiwawa.

Kuyambira pamenepo maganyu adayamba kusowa. Anthu ankaopa kuoneka ndi mayi amene adalondolera mlendo ku duwa lija. A Malita adakalamba msangamsanga, ndipo ana awiri aang'ono adawapereka kwa achibale kutsidya kwa malire.

Mvula ya chaka chachiwiri itagwa, ndidawapeza kudimba kwawo ataima chilili. M'mphepete mwa mpanda, pomwe madzi a m'dambo ankadikha, padaphuka duwa limodzi loyera la madontho ofiirira. Tidalipo awiriwiri. Ndidati ndisangalale, poganiza kuti mbewu yapulumuka. Iwo adayang'ana kumsewu, adayang'ana kumudzi, kenako adalizula n'kutswanya kambatata kake ndi msana wa khasu mpaka kadasakanikirana ndi matope. Atatero adanditembenukira.

"Mwanawe, waona chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Eya. Inenso palibe."