A Dabulo a pa Chonde ndi kaseti yanga

Anthu inu, pa Chonde panali mbava ya shopu yakeyake. Tinkangoti a Dabulo, chifukwa cha wailesi yawo ya makomo awiri yokoperera makaseti. Papita zaka, koma ine mtima sunaphwe ayi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi ija. Ndinkathyola tiyi ku esiteti, Lamulungu n'kumatsogolera kwaya ya amayi kwathu ku Milonde. Mwana wanga Estere atamwalira ndi chikuku ndinapeka nyimbo. Ndinaipekera m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana, misozi ili chuchuchu. Ndime ziwiri m'Chichewa, yomaliza m'Chilomwe cha amayi anga. Anzanga ataidziwa bwino tinabwereka wailesi ya aphunzitsi n'kujambula kaseti imodzi yokha.

Lachisanu, teni koloko m'mawa, ndinafika nayo kwa a Dabulo. Ndinati mundikopere makaseti sikisi, tigawane m'kwaya. Akuti mubwere Lachiwiri. Lachiwiri akuti magetsi anathima. Sabata inayo akuti lamba wa makina waduka. Kuchokera ku Milonde, abale! Ndipo ulendo uliwonse kapitawo ankandilemba kuti ndajomba.

Ulendo wachinayi ndisanafike n'komwe pakhonde ndinamva mawu anga ali pachisipika. Anthu aunjikana, mayi wina akupukuta misozi ndi chitenje. Pakauntala makaseti ali mbwee. Ndinanyamula imodzi. Pachikuto alembapo ndi bolopeni: Kwaya ya ku Blantyre.

Ya ku Blantyre! Ine Blantyre ndinali ndisanaipondeko chibadwire.

Ndinafunsa kuti achimwene, ichi n'chiyani? Iwo osachita ndi manyazi omwe. Akuti mayi, za ku Milonde angagule ndani, ine ndakukwezani, mukanandithokoza. Ndinati nanga dzina langa lili pati? Akuti nyimbo ya kutchalitchi ilibe mwini, ndi ya Mulungu. Ndinati chabwino, nanga wailesi yanuyi ndi ya Mulungunso, ndiinyamule? Apo m'pamene anakwiya. Anandiponyera kaseti yanga, osandipatsa ngakhale imodzi mwa sikisi zija. Akuti ngati zakuwawani kadandauleni ku Boma.

Ndinapitadi. Ofesi yake sinditchula. Ndinakhala pabenchi kuyambira eyiti koloko. Anandiitana kota pasiti thu, kalaliki atamaliza chinangwa chake. Choyamba, khadi ya chipani. Ndinaonetsa. Ndiye akuti vuto n'chiyani? Ndinati andibera nyimbo.

Kuseka kwake! Akuti ndiye panopa mulibe, mukatsegula kukamwa sikutuluka kanthu? Akuti tayesani kuimba tione ngati yapitadi. Anachita kuitana mayi wotaipa kuti adzamve nawo za mayi woberedwa nyimbo. Amenewo ndiwo anthu ophunzira, ovala tayi.

Kenaka anandilowetsa kwa bwana wawo. Ameneyo sanaseke. Anaika kaseti muwailesi, kumvera mpaka ndime yachitatu, n'kuthimitsa.

"Chilomwechi chikuti chiyani?"

"Ndikulira mwana wanga, bwana."

"Mukutero ndinu. Kasetiyi inadutsa kwa akuluakulu oyang'ana nyimbo? Anakulolani kujambula ndani?"

Ine zimenezo ndikanazidziwira kuti, m'munda wa tiyi? Ndinati nanga amene akugulitsa pa Chonde anamulola ndani? Akuti za ameneyo zisiyeni, amene wabwera pano ndinu. Anakoka pepala n'kutsegula peni.

"Mayi, mukati ndi yanu, ndilemba dzina lanu, mudzi wanu, ndi mayina a amayi onse akumveka umu. Pepalali lipita kutsogolo, mukafotokoza komweko. Mukati si yanu, khomo ndi ilo."

Amene munalipo masiku amenewo mukudziwa kuti kutsogolo kunali kuti. Ndinaganiza za amayi khumi a m'kwaya, ena ndi makanda kumsana. Ndinaganiza za ana anga awiri otsala. 

"Si yanga, bwana."

"Kwezani mawu, kalaliki amve."

"Si yanga."

Akuti mwaona, nkhani yatha bwino, muyende bwino mayi. Kaseti inatsala mudirowa yawo. Ndinalira njira yonse, osati ndi chisoni ayi, koma ndi ukali. Wakuba ali phee akugulitsa, woberedwa ndiye wolandidwa mwana wake kachiwiri.

Lero nyimbo ija ili m'mafoni mwa adzukulu anga. Imaimbidwa pamaliro kuyambira ku Chonde mpaka kumalire. Mwezi wathawu abusa ena achinyamata anaimirira n'kunena kuti tiimbe nyimbo yakalekale ija, mwini wake sadziwika. Ine ndili pomwepo, pamphasa, mzere wachiwiri.

Ndiye inu a m'maofesi amene masiku ano mumalalikira pawailesi za umwini wa nyimbo, tandiyankheni. Amene tinakana zathu chifukwa cha mantha, tikalembetse pakhomo liti? Mudzafunanso kaseti imene munatsekera mudirowa? Ndipo inu ana opeka nyimbo, musapereke kanthu kwa munthu wa makina dzina lanu lisanalembedwe, mboni zilipo.

Bwana uja kaya ali moyo, kaya anatsogola. Anandiuza kuti ndikweze mawu, ndiye lero ndakweza: nyimbo ija ndi yanga. Ndinapekera Estere.