Adokotala a Lumo

Alamu anga anali ometa tsitsi, ndipo pakamwa pawo pankathamanga kuposa makina awo. Munthu akangokhala pampando, nsalu ili m'khosi, analibe kothawira. Ankamuuza za bambo wina wakalekale amene buku lake analigula pamsika, lothothoka chikuto. Bamboyo ankaphunzitsa kuti matenda amayambira m'maganizo, ukakana kuwaganizira thupi limadzikonza lokha.

Zina zinkathekadi, ndisaname. Dalaivala wina amene manja ankamunjenjemera chichitireni ngozi anabwerera pachiwongolero atacheza nawo kangapo. Basi alamu anayamba kudzimva, anthu n'kuwapatsa dzina loti Adokotala a Lumo.

Kenako akulu anga, akazi awo, anapeza chotupa m'bere.

"Alamu, tiyeni tiwatengere kuchipatala," ndinatero.

"Mlamu, mawu amenewo m'nyumba muno ayi. Mukuchita kuwaitana matendawo ndi pakamwa panu."

M'mawa uliwonse asanatsegule malo awo ometera, ankawakhazika akazi awo pampando wometera, kuwatembenuzira kugalasi, n'kumawauza kuti azinena kuti, "Ndili bwino, thupi langa lilibe vuto." Ankawakonda, ndipo n'zimene zimandipweteka mpaka lero. Ankawapesa mofatsa, kuwapopera mafuta onunkhira a makasitomala kuti fungo la chotupacho, chimene tsopano chinali chitasanduka bala, lisamveke. Akulu anga anali munthu wosafuna kukhumudwitsa mnzake, ndiye anaphunzira kumva ululu chamumtima. Zikafika povuta ankakaluma thaulo kubafa, mpopi atautsegula kuti amuna awo asamve.

Tsiku limene analephera kukwera mpandowo, ndinaitana galimoto yowatengera kuchipatala osapempha munthu aliyense. Dokotala atavundukula nsalu anangotiyang'ana, osakalipa n'komwe. Bola akanakalipa.

Alamu anafika kuchipatalako madzulo, tsitsi la anthu lili mbwee pamalaya, n'kugwada pambali pa bedi. Ine mtima unali ukuwira. Ndinkayembekeza kuti lero lokha akulu anga atulutsa zakukhosi, ine ndiwathandize kulalata. Koma iwo anangofufuza dzanja la amuna awo n'kuligwira.

"Bambo, pepani," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Ndinayesetsa kuganiza bwino monga munkandiuzira. Mutu wangawu ndi umene wakuchititsani manyazi."

Ndinawayang'ana alamu, kudikira kuti awatsutse, anene kuti ayi mayi, simunalakwe kanthu. Anangoweramitsa mutu. Akulu anga anatisiya sabata yomweyo, akukhulupirirabe kuti wolakwa anali iwo.