Mazira a Nalimata Satembenuzidwa

“Achimwene, siyani zimenezo. Yalla, fulumirani, bwerani kuno, ndapalamula.”

Anali a Esnati, a ku Balaka, amene ankalera mwana m'nyumba ina ku Al Furjan, kuno ku dziko la Aluya. Ine ndinkafika pa nyumbayo Lachiwiri lililonse kudzayeretsa dziwe losambiramo. Tinkangopatsana moni basi. Tsiku limenelo anandigwira malaya.

Madamu awo ankaweta analimata. Osati athu aja a pakhoma, koma onenepa, achikasu, a mawanga akuda, aliyense m'bokosi lake lagalasi. Madamuwo anali atapita kwawo kwa sabata imodzi. Anasiya mazira asanu ndi limodzi m'kamakina kotenthetsera, dzira lililonse atalilemba kamzere ka pensulo pamwamba.

“Ndimayesa mzerewo ndi wotembenuzira, ngati mazira a nkhuku,” anatero a Esnati. “Ndawatembenuza m'mawa uno, ndawapukutanso bwinobwino. Posachedwapa Madamu atumiza uthenga, akuti ndisayerekeze kuwakhudza. Mizere yafufutika. Kumwamba n'kuti, kumunsi n'kuti, sindikudziwa. Andikansela viza, achimwene, andikweza ndege. Ana anga awiri ali kusekondale. Ndikawauza chiyani?”

Chimene anachitacho ndinkachidziwa, chifukwa nanenso ndinachitapo.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mayi anga atamwalira, abale ananditumiza kwa amalume ku Lunzu. Sukulu inathera pomwepo. Amalume ankaswetsa mazira a nkhuku m'bokosi lamatabwa lotenthedwa ndi nyali ya parafini. Ntchito yanga inali kutembenuza mazirawo katatu pa tsiku. Mbali ina ankalemba X, mbali ina O. Ndikaiwala, mbama.

M'chipinda chimenecho munkanunkha parafini ndi zitosi, ndipo ndinkagona momwemo, pathumba. Wolankhula naye ndinalibe. Mnzanga analipo mmodzi yekha, nalimata wa mchira woduka amene ankasaka tizilombo pafupi ndi nyali. Nthawi ya ngumbi ndinkamusiyira ziwiri pathabwa. Anazolowera, anasiya kundithawa.

Tsiku lina akazi a amalume anamuona pamwamba pa mtsuko. Anati agwera m'madzi, tonse tifa. Anavula patapata, n'kumenya kamodzi kokha.

Ndikusesa madzulo ake ndinapeza timazira tiwiri kuseri kwa thabwa, toyera, tating'ono ngati nandolo. Ndinati ndi take, ndi zimene wandisiyira. Ndinatiika m'bokosi la machesi, ndinayalamo thonje, ndinabisa pafupi ndi nyali. Ndinkadziwa njira imodzi yokha yosamalira dzira. Ndinalemba kadontho ka makala, n'kuyamba kutembenuza katatu pa tsiku, osaphonya. Mazira a amalume ndinkatembenuza chifukwa cha mantha. Awa ndinkatembenuza ndi mtima wanga wonse.

Mwezi unatha. Wachiwiri unatha. Ndinkaika bokosilo pakhutu, osamva kanthu. Ndinkawapempha ngati anthu: iswani, chonde, ngakhale limodzi. Limodzi linayamba kuda. Ndinaganiza kuti sindikutembenuza mokwanira, ndiye ndinawonjezera, kasanu, kasanu ndi kamodzi. Zakudya zinasiya kulowa.

Amalume anandipeza masana ena nditakhala pansi, bokosi la machesi lili m'manja, mazira a nkhuku nditawaiwala chiyambire m'mawa. Ndinaphimba kumaso kudikira mbama. Iwo anangotenga bokosilo. Padenga panali bowo la msomali pamene dzuwa linkalowera. Anaika kadzira kamodzi pa kuwalako.

“Taona. Muli chiyani?”

“Mdima.”

Anasuntha matumba a deya, anafufuza m'ming'alu ya khoma mpaka anapeza kadzira ka nalimata wina. Anakanyamula mwa zala ziwiri, osakapendeketsa, n'kukaika pa kuwala komwe kuja. Pamwamba pake panali kamphete kofiira, ndi timitsempha tonga ulusi.

“Mwana ndi ameneyo,” anatero. “Amakhala pamwamba. Ukatembenuza, wamumiza. Nkhuku imakhalira mazira ake, imawagubuduza. Nalimata amaikira n'kuchoka. Unamuonapo akubwerera, iwe?”

Anakabwezera kadzirako m'mng'alu monga kanalili. Kenako anandipatsa mbama yanga ya mazira a nkhuku.

Mbamayo sinandipweteke. Chinandipweteka n'chakuti amene anapha mazira aja sanali akazi a amalume. Ndinali ine, tsiku loyamba lomwe. Miyezi iwiri ndinkasamalira zinthu zimene ndinali nditazipha kale. Ndinali mwana, ndinkayesa kuti kukonda chinthu n'kumachigwira pafupipafupi. Lero ndakula, ndikudziwa kuti pali zina zimene zimangofuna uzisiye mmene wazipezera.

“Pensulo muli nayo?” ndinawafunsa a Esnati.

Lamulo la kampani yathu linali lodziwika: munthu wa dziwe salowa m'nyumba. Basi yobwerera ku Sonapur, kumene tinkagona ife antchito, inkafika wani koloko, ndipo sidikira munthu. Mwana wa Madamu anali atayamba kulira kukhitchini, choncho a Esnati anangondipatsa pensulo, kundilozera chitseko chakumbuyo, n'kuthamangira kwa mwanayo. Ndinavula nsapato, ndinalowa ndekha.

Ndinatseka makatani, ndinayatsa tochi ya pafoni. Mazirawa sanali olimba ngati a kwathu. Anali ofewa ngati chikopa, aakulu ngati nsonga ya chala, atagona pa timiyala toyera tonyowa. Zala zanga n'zokhakhala ndi mankhwala a m'dziwe. Ndinaopa kuti ndiboola. Thukuta linkatsikira m'maso ngakhale m'chipindamo munkazizira.

Loyamba ndinaliunika, osaona kanthu. Ndinalizungulitsa pang'onopang'ono. Kamphete kofiira kanali pansi. Ndinakabweretsa pamwamba, ndinaligoneka, ndinalemba mzere. Lachiwiri chimodzimodzi. Mpaka asanu. Lomaliza ndinalizungulitsa mbali zonse, munali chikasu chokhachokha, mopanda kamphete kofiira. Ndinangoligoneka n'kulemba.

“Akhala moyo?” anandifunsa a Esnati ndikuvala nsapato.

“Sindikudziwa.”

“Nenani kuti akhala, achimwene, ngakhale mwabodza.”

“Inshallah, Mulungu akalola. Musawakhudzenso.”

Sabata imeneyo ananditumizira uthenga tsiku ndi tsiku. Achimwene, limodzi likufota. Achimwene, sindikudya. Achimwene, Madamu afika mawa, mundipempherere.

Lachiwiri lotsatira ndinapeza Madamu ataima pa chitseko chakumbuyo. M'dzanja lina anali ndi kapepala, pakapepalapo dzira lofota, lophwanyika mbali. M'dzanja lina anali ndi foni. Anandionetsa chithunzi cha kamera ya m'kanjira ka m'nyumba. Ndinali ine, wopanda nsapato, ndikutsegula chipinda cha analimata. M'chipinda mwenimwenimo munalibe kamera.

Analankhula Chingerezi chothamanga, koma ndinamva. Anati mizere ya pa mazira si ya dzanja lawo. Anati asanu akadali amoyo, koma ili lafa. Anati mtsikana wawo wantchito amalowa mmenemo tsiku lililonse kudyetsa analimata, ndipo sanawonongepo kanthu. Nanga ine ndinalowa kukatani? Anandituma ndani?

A Esnati anali kumbuyo kwawo, mwana ali m'manja. Nkhope yawo inali itatuwa. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kutseguka kuti aulule zonse. Ndinawayang'ana m'maso osaphethira mpaka anaitseka.

Ine kampani ikanangondikalipira, mwina kundiponya kotsuka zimbudzi za pamalo omanga nyumba. Mkazi ndilibe, mwana ndilibe.

“Ndikukufunsa iwe,” anatero Madamu. “Ulibe pakamwa?”

Pampu ya dziwe inkalira. Mwana uja anakoka mpango wa a Esnati.

“Khalas, zatha. Ndiimbira kampani yako. Usadzapondenso pano.”

Ndinatola ukonde wanga ndi ndowa. Ndinazimitsa pampu, ndinatseka geti bwinobwino, n'kuyamba kuyenda padzuwa kulowera kumene basi imaima.