Dimba Lokumbidwa ndi Bomba

Pachilumba cha Tarawa, chopyapyala moti nyanja imamveka mbali zonse, pali mkulu wina wogontha khutu limodzi. Amalima babai, chilazi chotenga zaka kuti chikhwime, m'dzenje lomwe bomba linakumba pankhondo. Amakonda kunena kuti, "Nkhondo inandilanda khutu n'kundisiyira dimba."

Chaka chatha kunafika mayi wa ku Japan kudzafuna mafupa a bambo ake, msilikali amene anafera pachilumbapo pankhondoyo ali mnyamata. Mapu ake ankaloza dzenje lomwelo.

"Bambo inu, mukazula tidya mchenga?" anakalipa akazi a mkuluyo, Nei Bwenaua.

Mkuluyo anayang'ana imvi za mlendoyo, n'kutsikira m'matope.

"Watidyetsa zaka zonsezi mnyamatayu," anatero akuzula babaiyo. "Mlekeni azipita kwawo."